"Ine ayi": yankho lomwe limandidetsa nkhawa m'chipinda choyezera magazi

Tisanabaye munthu chala, alangizi timafunsa funso limodzi: inuyo mukuona ngati mungakhale nako kachilombo? Amene amandidetsa nkhawa ndi woyankha "ine ayi" mosakayika, pomwe ziwerengero zikumuika kutsogolo kwenikweni kwa amene angatenge HIV. Akazi a transgender ambiri amayankha choncho. Awa ndi anthu amene anabadwa ndi ziwalo zachimuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi ndipo amakhala moyo wachikazi. Kaya nkhaniyi mumaiona motani kutchalitchi kapena kumzikiti, kuchipatala amafika ngati wina aliyense.

Mu 2013, wofufuza wina dzina lake Stefan Baral ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wa m'maiko 15 napeza kuti akazi a transgender 19 mwa 100 alionse anali ndi HIV, ndipo chiopsezo chawo chinaposa cha akuluakulu ena pafupifupi ka 49. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa dziko lonse wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kachilomboka mwa akuluakulu pafupifupi 9 mwa 100.

Gawo lina ndi la thupi basi. Khungu la mkati mwa njira yachimbudzi ndi lopyapyala, silitulutsa madzi ofewetsa, ndipo limang'ambika mosavuta. Bungwe la zaumoyo la CDC la ku America limawerengera kuti pa kugonana 10,000 kopanda chitetezo ndi munthu amene ali ndi HIV, wolowetsedwa kumbuyo amatenga kachilombo maulendo 138, pomwe wolowetsedwa kumaliseche achikazi ndi maulendo 8. Nanga izi anazimva kuti? Pa wailesi ndi kusukulu tinaphunzitsa Edzi ya mwamuna ndi mkazi pamphasa. Mpaka lero alipo amene amaganiza kuti poti kumbuyo kulibe mimba, ndiye kulibenso matenda.

Koma umbuli si nkhani yonse, ndipo apa ndi pomwe ife azaumoyo timaphonya. Munthu amene anthu amamuseka pamsika, amene anathamangitsidwa pakhomo pa makolo, akapeza mwamuna womutchula "mkazi wanga" amakhala wapeza chinthu chimene wakhala akuchisowa moyo wonse. Kumuuza mwamuna ameneyo kuti avale kondomu kuli ngati kumuuza kuti sakumukhulupirira, ndipo akhoza kuchoka. Ndiye kondomu imagwira ntchito kwa mlendo wa usiku umodzi, koma kwa wokondedwa imatsala m'chikwama. Mwamunayo nthawi zina ali ndi mkazi kunyumba komanso zibwenzi zina, ndipo sanayezetsepo. Akamanena kuti "ine ayi", mkaziyu akutanthauza kuti ali ndi mmodzi yekha. Sakuwerengera za mmodziyo.

Palinso mantha amene amabwera kachilombo kasanaganiziridwe. Mu December 2009, Tiwonge Chimbalanga, amene amadzidziwa kuti ndi mkazi, anamangidwa pamodzi ndi Steven Monjeza atachita chinkhoswe ku Blantyre. Mu May 2010 anawagamula zaka 14, ndipo pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ochepa. Mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linasiya zigawo za malamulo zoletsa kugonana kwa anthu a ziwalo zofanana momwe zilili. Amene akuopa ndende lero, chibakera madzulo ano ndi lendi kumapeto kwa mwezi, matenda odzaonekera patapita zaka amawaika kumapeto. Ntchito ikasowa ena amayamba kugulitsa thupi, ndipo wolipira zambiri ndi amene akukana kondomu.

Nafenso tili ndi mlandu wathu. Buku la kuchipatala lili ndi dzina lachimuna, mlembi amaliitana mokweza, ndipo benchi yonse imatembenuka kuona amene waimirira atavala chitenje. Munthu wotero sabweranso. N'chifukwa chake malo apadera ngati amene bungwe la CEDEP, lothandiza magulu osalidwa, lakhala likuyendetsa amathandiza, ngakhale sangafike boma lililonse.

Funso limene akazi amenewa amalisunga mumtima ndi la mahomoni. Ambiri amamwa mankhwala opangitsa thupi kuoneka lachikazi, ena amangogula mapiritsi olera osaonana ndi dokotala (zomwe zingaundanitse magazi m'mitsempha), ndipo amaopa kuti PrEP (mankhwala oteteza munthu amene alibe HIV kuti asaitenge) kapena ma ARV awononga mphamvu ya mankhwalawo. Akauzidwa kuti asankhe, amasankha mahomoni. Kusamwa mankhwala kunaoneka pa kafukufuku woyesa PrEP wotchedwa iPrEx: mwa akazi a transgender 11 amene anapatsidwa PrEP koma natenga HIV, panalibe ngakhale mmodzi amene mankhwalawo anapezeka m'magazi mwake pa nthawi imene kachilombo kanapezeka. Mapiritsi sanalephere, sanamwedwe. Chimene tikudziwa n'chakuti PrEP sachepetsa mahomoni achikazi. Mahomoniwo amatha kutsitsa pang'ono mlingo wa tenofovir (mankhwala a mu piritsi la PrEP) m'magazi, n'chifukwa chake womwa mahomoni ayenera kumwa piritsi tsiku lililonse, osati pokhapokha akuyembekezera kugonana. Wobaya mahomoni asabwerekane singano ndi mnzake.

Kwa amene piritsi la tsiku ndi tsiku limamuvuta kubisa, kuli jakisoni wa PrEP wotchedwa cabotegravir wobaya miyezi iwiri iliyonse, amene anayesedwanso mwa akazi a transgender pa kafukufuku wa HPTN 083. Kondomu ikufunika mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Vaseline ndi mafuta ophikira zimafooketsa mphira mpaka kuphulika. Ndipo ikaphulika, kapena munthu akagwiriridwa, PEP (mankhwala omwa pambuyo pa ngozi yotere kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi) ayambidwe pasanathe maola 72 ndi kumwedwa masiku 28.

Ine funso lija ndinalisintha. Ndimayamba ndi lakuti: mukufuna ndikutchuleni dzina liti? Kenaka ndimafunsa ngati bambo akunyumba anayezetsapo.