Mazinga aang'ono safooketsa bawuti

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewa: akuti bawuti ya mazinga aang'ono othithikana ndi yofooka, yolimba ndi ya mazinga akuluakulu. Zandikwana, chifukwa ena amataya mabawuti abwinobwino pokhulupirira zimenezi.

Mazinga ndi ngalande yosemedwa mozungulira chitsulo. Ngalandeyo ikazama, chitsulo chotsala pakati, chomwe chimasenza katundu, chimachepa. Tengani mabawuti awiri a M10, kutanthauza onenepa mamilimita 10. Ya mazinga otalikirana mamilimita 1.5 imatsala ndi malo osenza katundu okwana masikweya milimita 58, pamene ya 1.25 imatsala ndi pafupifupi 61. Ngodya ya mazinga ndi imodzimodzi, madigiri 60. Choncho ngati chitsulo chili chofanana, ya mazinga aang'ono ndiyo imapirira kukokedwa, komanso simasuka msanga makina akamanjenjemera.

Chikhulupirirochi chili ndi pochokera, sindikana. Mazinga aang'ono sachedwa kuphwanyika mukalowetsa nati mopendama kapena muli mchenga, ndipo m'chitsulo chofewa ngati aluminiyamu, akuluakulu ndiwo amagwira bwino. Koma kumeneko ndi kusasamala pomanga kapena kusankha molakwika.

Musangondikhulupirira. Ikani rula pa bawuti, muwerenge mazinga pa mamilimita 15: mukapeza 10 ndi ya 1.5, mukapeza 12 ndi ya 1.25. Kenako yang'anani pamutu pake. Nambala ngati 8.8 kapena 10.9 ndiyo imanena kulimba kwa chitsulocho. Chonde, musauze wophunzira ntchito zomwe simunatsimikize. Muonetseni nambala imeneyo ndi buku la makinawo.