Sindikudwala, ndi dzino chabe

Pa benchi ya kunja kwa chipinda chathu cha mano, mawu amene ndimamva kawirikawiri ndi akuti, "Ayi adokotala, ine sindikudwala, ndi dzino chabe." Wonena zimenezi tsaya latupa, wazimanga mpango kuzungulira chibwano, watha masiku atatu osaona tulo ndipo nsima akungoyiyang'ana. Kumunda sanapite sabata yonse. Koma kwa iye kudwala ndi malungo, kutsegula m'mimba kapena kugonekedwa pabedi m'chipatala. Dzino saliwerengera.

Nkhaniyi imayambira pa mmene timamvera mawu oti thanzi. Kwathu kuno tikati "mwana uyu ndi wathanzi" nthawi zambiri timatanthauza kuti ndi wonenepa, wamasaya. Bambo akatuluka mimba timati zinthu zikuwayendera. Ndakumanapo ndi anthu ambiri amene anzawo amawasirira chifukwa cha thupi, koma atawayeza anapezeka ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo nkhama zawo zimatuluka magazi m'mawa uliwonse.

Mu 1946 mayiko 61 anasaina ku New York malamulo okhazikitsa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo m'malamulomo anafotokoza kuti thanzi ndi chiyani. Anati munthu wathanzi ndi amene ali bwino m'thupi, m'maganizo komanso m'kakhalidwe kake ndi anzake, ndipo kungokhala opanda nthenda sikukwanira. Akatswiri ena amadandaula kuti muyeso umenewu ndi wapamwamba kwambiri moti palibe angaufikire, ndipo ali ndi mfundo. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, akulima, akulera ana ake, ine sindingamutche wopanda thanzi. Komabe tanthauzo la 1946 lija ndimalikonda pa chifukwa chimodzi: limatikakamiza kufunsa ngati munthu akudya, akugona, akugwira ntchito ndiponso akuseka pagulu. Mafunso onsewa amadutsa mkamwa.

Ndikukumbukira agogo ena amene anabwera ndi mpongozi wawo. Anali atawonda kwambiri moti chitenje chinkazungulira kawiri. Anawayeza chifuwa chachikulu, HIV, shuga, osapeza kanthu, mpaka namwino wina anaganiza zowatumiza kwathu. Atatsegula pakamwa ndinapeza mano asanu ndi limodzi akugwedera ngati chikuni chodzala pamchenga, nkhama zofiira, mafinya akutuluka ndikangokhudza pang'ono. Chinali chiseyeye chimene chinawadya zaka zambiri mwakachetechete.

"Agogo, mumadya chiyani kunyumba?"

"Phala, mwana wanga, ndi tiyi. Nsima ndimangomeza ndi msuzi."

Usipa anasiya, nyemba anasiya, chimanga chokazinga ndi mtedza sankaziyandikira n'komwe. Kenako mpongozi uja ananong'ona chimene chinandikhudza kuposa zonse: agogowo anasiya kudyera limodzi ndi anzawo pamaliro ndi paukwati chifukwa cha fungo la mkamwa, ndipo kumvano ankakhala kumbuyo atatseka pakamwa ndi nsalu. Thupi, maganizo ndi chiyanjano zonse zinagwa chifukwa cha nkhama. Tinazula mano amene sakanatha kupulumuka, otsalawo tinawayeretsa. Mano oyikirira banjalo silikanakwanitsa, choncho nthawi yaitali ndinathera pa mpongoziyo: azisinja usipa n'kuthira m'ndiwo, nyemba azipota, phala likhale la mgaiwa lothira nsinjiro, pakapezeka dzira, nthochi kapena peyala agogo aziyamba ndiwo. Mankhwala aakulu a agogowa anali mumtondo wa pakhomo pawo.

Apa ndiye pali chinthu chimene ife azachipatala timachedwa kuvomereza. Thanzi limapangidwa kutali ndi chipatala. Pa msonkhano wa ku Ottawa m'dziko la Canada mu 1986, nthumwi zinalemba zinthu zimene thanzi silingakhalepo popanda izo, ndipo zinatchula mtendere, pogona, maphunziro, chakudya, ndalama, chilengedwe chosaonongeka ndi chilungamo. Jakisoni sali pa mndandandawo. Ife tinaziona ndi maso pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Madokotala anapulumutsa ambiri ndi madiripi, koma amene ankasankha kuti nthenda igwere khomo liti anali madzi akumwa ndi chimbudzi. Chimodzimodzinso kupinimbira: kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo gwero lake lili m'nkhokwe, m'thumba la makolo ndi m'madzi amene mwana amamwa.

Dzino nalo limaola m'njira yomweyo. Ambiri amakhulupirira kuti muli mbozi imene imalibowola, ndipo ena amalipira ndalama kuti awafukize utsi mbozizo zituluke. Mbozi mulibe. Pamano pamamatira utoto woyera wofewa umene mungaukande ndi chikhadabo, ndipo m'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti tikalandira shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amabwera kudzatsuka asidi ndi kubwezeretsa mchere umene wachoka, koma amafuna nthawi, pafupifupi theka la ola kapena ola lathunthu. Choncho chimene chimapha dzino kwambiri ndi kubwerezabwereza. Mwana amene wadya maswiti atatu nthawi imodzi atamaliza nsima ali pabwino kusiyana ndi mnzake amene akuyamwa switi imodzi popita kusukulu, filizesi pa buleki, jusi wosungunula masana, tiyi wa masipuni anayi madzulo, kenako n'kugona osatsuka mano. Usiku malovu amachepa, ndiye asidi amagwira ntchito yake popanda womusokoneza.

WHO inalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masipuni a tiyi ngati 12, ndipo ndi bwino koposa kukhala pa theka la muyeso umenewo. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera limatha kukhala ndi masipuni 7 kapena 8. Sindiimba mlandu mayi amene amagulira mwana wake switi pageti la sukulu. Switi ndi yotchipa kuposa dzira, ndipo imapezeka pa kaokala kalikonse. Chimene chili pamsika ndi mtengo wake zimasankhira anthu zakudya nthawi zambiri kuposa uphungu wathu.

Choteteza chachikulu chimene tili nacho ndi fluoride, mchere umene umalimbitsa chikuto cha dzino. Umapezeka m'mankhwala otsukira mano, aja tonse timangowatcha Colgate ngakhale akhale a kampani ina, ndipo mu 2021 WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Pogula yang'anani pachubu ngati palembedwa kuti muyeso wa fluoride ndi 1000 mpaka 1500 ppm. Tsukani kawiri patsiku, makamaka musanagone, ndipo mukamaliza lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pamano. Mwana wosakwana zaka zitatu muikireni kochepa ngati kambewu ka mpunga, woposerapo ngati nsawawa. Mswachi wa kamtengo umachotsa utoto uja bwinobwino ukagwiritsidwa ntchito mosamala, dzino ndi dzino, ndipo wina asakunyozeni nawo. Makala, phulusa ndi mchenga ndizo ndimakana, chifukwa zimapala chikuto chimene sichimeranso.

Koma fluoride yemweyo akachuluka m'madzi amabweretsa vuto lina. M'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, mbali zina za Machinga ndi kuchigwa cha Shire, madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride woposa muyeso wa WHO wa mamiligalamu 1.5 pa lita. Ana okulira kumeneko amamera mano a mawanga oyera ngati choko kapena ofiirira. Mawangawo amalowa dzino likadali m'nsagwada, mwana asanakwane zaka zisanu ndi zitatu, ndiye ngakhale mukwechese bwanji sachoka, ndipo kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride. Ndimamva chisoni ndikaona mtsikana wa kusekondale amene saseka chifukwa anzake amamunena kuti ndi wauve, pamene nkhani yonse ndi mjigo wa m'mudzi mwawo. Yankho lake lili kwa oyeza madzi ndi okumba mijigo.

Pali funso limene anthu amandifunsa mokwiya: chifukwa chiyani kuchipatala mumangodziwa kuzula? Dzino likangoyamba kubowoka silipweteka, ndipo nthawi imeneyo limamatika mosavuta. Koma ndani angalipire kabaza ndi minibasi, kusiya ganyu tsiku lonse, chifukwa cha dzino losapweteka? Munthu amadikira, amamwa panado, ena amaika aspirini pankhama mpaka kupsa, ndipo pofika kwathu mtsempha wa m'kati unafa kale. Nthawi zina nafenso zipangizo zomatira zimakhala zitatha. Ogwira ntchito ndi ochepa: kwa zaka zambiri dziko lino linkadalira ife ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya umoyo wa mkamwa. Padziko lonse, lipoti la WHO la chaka chomwecho linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a mkamwa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi apakatikati.

Mkamwa mumaonetsanso zimene zikuchitika m'thupi lonse. Matenda a shuga amakulitsa chiseyeye, ndipo chiseyeye chimachititsa kuti shuga avute kutsika. Zoyera zomatirira palilime mwa munthu wamkulu zimatipangitsa kuganizira za chitetezo cha m'thupi. Osuta fodya, oika fodya wa phuno kunsi kwa mlomo ndi okonda kachasu adziwe kuti chilonda cha mkamwa chimene chatha masabata awiri osapola chiyenera kuonedwa kuchipatala ngakhale chisakupweteka, poti khansa ya mkamwa imayamba choncho.

Kwa makolo ndili ndi pempho limodzi lapadera. Mwana amamera mano 20 a ubwana, ndipo tonse timadikira tsiku limene lakutsogolo ligwedere. Koma akafika zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kumapeto kwenikweni kwa nsagwada kumatuluka mano anayi akuluakulu otafunira, awiri pamwamba awiri pansi, popanda dzino lililonse kuguluka. Amenewa ndi a moyo wonse. Amayi ambiri amandiuza kuti, "Lisiyeni adokotala, likaguluka limera lina," ndipo ndimavutika kuwauza kuti pamenepo sipameranso kanthu. Mwana wanu akayamba sitandade 1, mukhazikeni pabwalo padzuwa, atsegule pakamwa, muwerenge kuchokera pakati kupita kumbuyo. Dzino lachisanu ndi chimodzi ndi limenelo. Mukaona kadontho kakuda m'mizere ya pamwamba pake, bwerani naye sabata yomweyo, lisanayambe kupweteka.