Nyumba ya madola 7,990 ndi mzere wofiira pa mapu

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, asilikali a ku America anabwerera kwawo n'kupeza nyumba kulibe. Kwa zaka pafupifupi 15, kuyambira pa mavuto azachuma a m'ma 1930 mpaka nkhondo kutha, nyumba zinkamangidwa zochepa kwambiri, ndipo mabanja atsopano ankapanikizana kwa apongozi. Koma pofika 1960, mabanja 62 pa 100 aliwonse ankakhala m'nyumba zawozawo, pamene mu 1940 anali 44. Ambiri amati chinachititsa ndi kukwera kwa malipiro. Anakweradi, koma chimene chinatembenuza zinthu ndi kaperekedwe ka ngongole ya nyumba.

Zaka za m'ma 1930 zisanafike, wogula nyumba ankayenera kupereka pafupifupi theka la mtengo wake pamanja. Yotsalayo banki inkamubwereka kwa zaka zisanu kapena kupitirira pang'ono, ndipo pamapeto pake inkafuna ndalama yaikulu nthawi imodzi. Mu 1934 boma linakhazikitsa bungwe la Federal Housing Administration, mwachidule FHA. Bungweli silinkabwereketsa ndalama ayi. Linkangoika inshuwalansi pa ngongole ya banki: wobwereka akalephera, banki siluza. Mantha atachoka, mabanki anavomera dipoziti yochepa ndi ngongole ya zaka 20, kenako 25, kenako 30, yobwezedwa mofanana mwezi ndi mwezi mpaka kutheratu.

Pa 22 June 1944, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasayina lamulo lodziwika kuti GI Bill. Msilikali wopuma ankalipiriridwa sukulu mpaka madola 500 pachaka, ndipo wosowa ntchito ankalandira madola 20 pa sabata kwa masabata 52. Pa nyumba, ofesi ya boma yoona za asilikali opuma, Veterans Administration, inkalonjeza banki kuti ikhoza kubweza theka la ngongole, poyamba mpaka madola 2,000, kenako 4,000, chiwongoladzanja chili 4 peresenti. Lonjezo la bomalo linalowa m'malo mwa dipoziti, moti mnyamata wopanda kalikonse m'thumba ankatha kusayinira nyumba.

Ogula atapezeka, panafunika omanga mwachangu. William Levitt, pamodzi ndi bambo ake Abraham ndi mng'ono wake Alfred, anagula minda ya mbatata ya kachewere ku Long Island, kufupi ndi New York, ndipo pakati pa 1947 ndi 1951 anamangapo nyumba 17,447, mudzi umene unatchedwa Levittown. Ntchito yomanga nyumba anaigawa m'masitepe 27, sitepe iliyonse ndi gulu lake la amisiri. Kufakitale ya magalimoto katundu ndiye amayenda pamene munthu waima; kuno nyumba ndiyo inkaima, amisiri n'kumayenda. Malole ankatsitsa mitolo ya matabwa odulidwa kale pa mamita 18 alionse. Ena ankangothira konkire, ena kuimika makoma, ena kukhoma denga, wina tsiku lonse ntchito yake kupaka penti yoyera basi. Ankalipidwa malinga ndi zimene amaliza, osati maola, ndipo a mabungwe a ogwira ntchito Levitt sankawafuna. Matabwa ankachokera kunkhalango ya kampani yawo ku California, misomali ankapanga okha. Zinthu zikamayenda bwino ankamaliza nyumba 30 patsiku.

Chimene chinapulumutsa ndalama zambiri ndi pansi pa nyumba. Nyumba za kuderalo zinkakhala ndi chipinda chokumba pansi, ndipo malamulo a tauni ya Hempstead, komwe kunali mindayo, ankafuna zimenezo mpaka anasinthidwa mu 1947. Levitt ankangothira konkire yafulati ya masikweyamita pafupifupi 70, mkati mwake muli mapaipi a kopa oyendetsa madzi otentha otenthetsa nyumba m'nyengo yachisanu. Nzeruyi inali yabwino mpaka mapaipiwo atayamba kudontha patapita zaka. Paipi yokwiririka m'konkire simungaikonze osaswa pansi, choncho eni nyumba ambiri anangoisiya n'kuika zotenthetsera zina m'mbali mwa makoma.

Nyumba zoyamba zinali za lendi, madola 60 pamwezi. Ya mu 1949 inkagulitsidwa madola 7,990, munthu n'kumabweza pafupifupi 58 pamwezi, muli kale chitofu, firiji ndi makina ochapira. Kugula kunali kotchipa kuposa kuchita lendi, ndiye ndani akanakana? Panalinso timalamulo: kapinga azitchetchedwa sabata iliyonse, mpanda ayi, kuyanika zovala panja Lamlungu ayi.

Midzi yotereyi inali kunja kwa mzinda, kotero galimoto inasanduka chinthu chosasowa pakhomo. Lamulo la misewu la 1956, m'nthawi ya Pulezidenti Dwight Eisenhower, linalonjeza mamailosi 41,000 a misewu ikuluikulu, boma lalikulu likulipira 90 peresenti. Zipinda zinadzaza msanga: mu 1957 mokha ku America kunabadwa ana 4.3 miliyoni.

Mu pangano la lendi la ku Levittown munalinso ndime yonena kuti nyumbayo isakhalidwe ndi munthu amene si mzungu, kupatula wantchito wapakhomo. Limeneli silinali khalidwe la Levitt yekha. M'ma 1930 bungwe la boma la Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda n'kupaka madera mitundu inayi: wobiriwira, wabuluu, wachikasu ndi wofiira. Madera a anthu akuda pafupifupi onse anagwera kofiira, kutanthauza kuti n'ngowopsa kubwereketsako. FHA inali ndi maganizo omwewo, ndipo buku lake la malangizo linkalimbikitsa mapangano oletsa kusakaniza mitundu. Mu 1948, pa mlandu wa Shelley v. Kraemer, khoti lalikulu linati makhoti asamakakamize mapangano otere. Levitt anafufuta ndimeyo papepala, koma sanayambe kugulitsa kwa anthu akuda.

GI Bill sinatchule khungu paliponse. Msampha unali pa kayendetsedwe kake. Phungu John Rankin wa ku Mississippi, yemwe ankatsogolera komiti ya za asilikali opuma, anaonetsetsa kuti ntchitoyo ikhale m'manja mwa maofesi ndi mabanki a m'madera. Kumbukirani kuti boma linkangoyimira ngongole. Wopereka anali banki, ndipo banki ikakana, nkhani yathera pomwepo. Ku Mississippi mu 1947, mwa ngongole 3,229 zoyimiridwa ndi boma, za anthu akuda zinali ziwiri.

Munthu wakuda amene anakanidwa ku banki ku Chicago ankagula nyumba pa kontirakiti: mtengo wokwera, kulipira mwezi ndi mwezi kwa mwini, chikalata cha umwini osachiona mpaka ndalama yomaliza. Kuphonya mwezi umodzi kunali kutulutsidwa, zonse zolipira kale zitapita. Mnzake wa ku Levittown mwezi uliwonse ankaonjezera gawo lake m'nyumbayo, n'kudzaipanga chikole chophunzitsira ana, pamapeto n'kuwasiyira.

Mu August 1957, William Myers, munthu wakuda yemwenso anali msilikali wopuma, ndi mkazi wake Daisy anagula nyumba ku Levittown ina ya ku Pennsylvania, kwa mwini wake osati kwa kampani. Gulu la anthu linasonkhana panja mausiku otsatizana, mwala n'kuswa windo, mpaka apolisi a boma la Pennsylvania anabwera. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa nyumba, Fair Housing Act, linadza mu 1968, nyumba za madola 7,990 zija zitatha kale.