Kangaude amene sasamuka pa una wake

Kangapo konse anthu a m'munsi mwa phiri la Zomba andibweretsera m'chitini kangaude wamkulu waubweya, ataphwanyidwa kale ndi khasu, n'kufunsa kuti, "Kodi ameneyu akanatiluma tikanafa?" Ndimawayankha kuti ayi. Kuluma amaluma, ululu wake ndi woopsa ndipo mnofu ukhoza kukokana kwa masiku angapo, koma sasaka munthu. Amene mwamupeza akuyenda pakhonde usiku kawirikawiri amakhala wamwamuna amene wakhwima ndipo akufunafuna wamkazi. Masiku ake atsala ochepa, chaka sachimaliza.

Akangaude amenewa ndi a banja la tarantula. Kuno kwathu kuli mitundu monga Pterinochilus ndi Ceratogyrus, ndipo ena mwa a Ceratogyrus ali ndi kanyanga pamsana. Satchera ukonde m'mwamba ngati akangaude a m'denga. Wamkazi amakhala mu una pansi kapena kunsi kwa mwala, mkati atayalamo ulusi wake. Usiku amadikira pakhomo pa unawo, ndipo chiwala kapena mphemvu ikadutsa amaimva ndi ubweya wa m'miyendo, pakuti maso ake, ngakhale alipo 8, saona bwino. Kuti akule amafundula chikopa chonse atagona chagada. Anthu ambiri akamuona choncho amayesa wafa.

Chimene ndimafuna anthu amvetse kwambiri ndi kuchedwa kwa moyo wake. Amatenga zaka kuti akhwime, ndipo wamkazi akhoza kupitirira zaka 10 ali pamalo amodzimodziwo. Tiana take sitiuluka ndi mphepo pa ulusi monga amachitira akangaude ang'onoang'ono. Timangoyenda pansi kamtunda kochepa n'kukhazikika pafupi ndi mayi wawo. Ndiye malo akawonongeka, palibe gulu lina lakutali limene lingabwere msanga kudzalowa m'malo.

Ku India zimenezi zinaoneka poyera. Kumeneko kuli tarantula wa buluu wowala, Poecilotheria metallica, amene analembedwa koyamba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1899. Iyeyu amakhala m'mphako za mitengo ikuluikulu, m'nkhalango ya ku Andhra Pradesh yosakwana masikweya kilomita 100. Odula nkhuni ndi matabwa amayamba ndi mitengo yakale, yomwe ndiyo ili ndi mphako. Kukongola kwakenso kunamuika m'mavuto, chifukwa ku Ulaya ndi ku America kuli anthu oweta akangaude m'magalasi amene amamugula. Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linamuika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo mu 2019 mayiko a pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, anagwirizana ku Geneva kuti malonda a akangaude onse a Poecilotheria azichitika ndi chilolezo.

Ndikamakwera msewu wa Ku Chawe n'kukumana ndi mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala akutsika, nkhani ya ku India ija imandibwerera. Tikamadandaula za phirili timatchula madzi a m'damu la Mulunguzi ndi mitengo ya paini, ndipo n'zoona. Koma moto wa mu Okutobala, uja woyatsidwa ndi osaka mbewa, umanyeketsa masamba ouma amene amasunga chinyontho pamwamba pa una, umathanso tizilombo timene kangaudeyu amadya. Mbalame imauluka, nyani amathawa. Iye amangolowa pansi pa una wake, ndipo akatuluka amapeza phulusa lokhalokha. Zimandiwawa kuti zamoyo zoterezi zikhoza kutha m'chigwa chathunthu popanda ndi mmodzi yemwe wozindikira.

Mukamupeza m'nyumba, musamugwire ndi manja. Akaimika miyendo yakutsogolo n'kuonetsa mano, ndiye kuti akukuchenjezani, bwererani pang'ono. Muvundikireni ndi kapu kapena chitini, lowetsani katoni pansi pake, kenako kamusiyeni patchire pafupi ndi miyala. Ngati una mwaupeza m'mphepete mwa munda, dumphanipo ndi khasu. Wamkazi wokhwima akamufukula amavutika kukumba wina.