Mwana akamabanika si tsempho abale

Nkhani yomwe ikuyenda mma gulupu a WhatsApp aku Mbare ndi Mufakose ku Harare yoti khanda likamapuma movutikila ndiye kuti bambo ake anayenda panja anamusempha mwana, kapena apongozi amulodza, ndi bodza ndithu. Mabanja akutha zosadziwika bwino.

Mmapapo mwathu muli timafuta tina madokotala amati surfactant, ndi timene timathandiza kuti timatumba ta mpweya tisamatane munthu akatulutsa mpweya. Mwana wobadwa masiku osakwana, makamaka asanafike masabata 34, amakhala nato tochepa ndiye amabuula, nthiti kumalowa mkati. Palinso ana ena ochepa kwambili obadwa miyezi yokwana bwinobwino koma thupi lawo silipanga timafutati moyenela chifukwa cha zotengela kumtundu, nthawi zambili mbali zonse ziwili, kwa mayi ndi kwa bambo, iwowo ali bwinobwino osadziwa kanthu, ndiye wolakwa ndani pamenepo? Ena amabadwa ndi bowo pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, matumbo amakwela mchifuwa kupanikiza mapapo, awa amafunika opaleshoni.

Koma kunena zoona chibayo nacho chimabanikitsa ana kawilikawili, ndipo chimachizika.

Mayi wanga welengani mpweya mwana ali phee kwa mphindi imodzi. Wosakwana miyezi 2 akafika 60 kapena kupitilila, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena milomo ikuda, sakuyamwa, thamangani ku kiliniki, iwo akatumiza ku chipatala chachikulu cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa. Zomufukiza utsi wa zitsamba mu bulangeti zija chonde ayi, utsiwo ukungoonjezela kubanikako.