Mbiri ya Kulosera Mvula M'chigwa cha Lilongwe

Kalekale, nthambi ya boma yoona zanyengo isanakhazikitsidwe, Achewa a m'chigwa cha Lilongwe ankatengera nkhawa zawo za mvula ku kachisi wa ku Msinja, m'mphepete mwa mapiri a Dzalanyama, kumene kunkakhala Makewana. Mayiyu sankangonena za m'tsogolo ayi, koma ankakhulupiriridwa kuti mvula ili m'manja mwake, n'chifukwa chake sankameta tsitsi poopa kuti kumwamba kungaume. Chilala chikavuta, mafumu ankatumiza mphatso, ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri inkalira, ndipo nsembe zinkathiridwa kwa Mulungu, amene ankamutcha Chisumphi. Nkhondo za Angoni za m'zaka za m'ma 1800 zidapasula kachisiyu, moti ngakhale adamangidwanso, mphamvu zake sizidabwerere mwakale.

Kumidzi anthu wamba anali ndi zizindikiro zawozawo, ndipo zambiri zikugwirabe ntchito. Kutentha koopsa kwa mu Okutobala, kutembenuka kwa mphepo kuyamba kuchokera kumpoto, nyerere zotuta chakudya mothamanga, zonsezi zimawerengedwa. Mango akabereka mopyola muyeso, akuluakulu amati kukubwera njala. Mlimi wodziwa sathamangira kubzala ndi chizimalupsa, mvula yongozimitsa phulusa la tchire lootchedwa, chifukwa mbewu yake imapsera m'nthaka.

Kuyeza mvula ndi zida kudabwera ndi atsamunda. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, omwe adatsegulidwa mu 1948 kumadzulo kwa tauni ya Lilongwe, ndi amodzi mwa malo amene kaundula wa mvula wasungidwa kwa zaka zambiri. Ntchito yake ndi yonyozeka poiona: m'mawa uliwonse munthu amakhuthulira madzi a m'chitini choyezera m'kabotolo kolembedwa mamilimita, n'kulemba chiwerengerocho m'buku. Komatu popanda mabuku amenewa palibe akanatha kunena kuti chaka chino mvula yachepa poyerekeza ndi zaka zina.

Kuyambira mu 1997, akatswiri a zanyengo a maiko a m'bungwe la SADC akhala akukumana dzinja lisanayambe kuti agwirizane za momwe nyengo ikhalire, poyang'ana makamaka kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. Madziwo akatentha kwambiri, zomwe zimatchedwa El Niño, chigawo chakummwera cha Malawi chimakonda kuuma pamene chakumpoto chimatha kulandira mvula yochuluka, ndipo Lilongwe, pokhala pakati, amavuta kumulosera. Ng'amba ya mu dzinja la 2023 mpaka 2024 idanenedweratu, ndipo mu Marichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa pangozi.

Chimene chimautsabe mkangano n'chakuti ulosi wa akatswiriwu umakamba za dzinja lonse, kuti mvula idzakhala yokwanira kapena yocheperapo, pamene mlimi wa ku Mitundu kapena ku Nsaru amafuna kudziwa tsiku lobzala ndiponso ngati mu Januwale kudzakhale ng'amba chimanga chikumasula. Pofuna kuchepetsa mpatawu, a zanyengo tsopano amatulutsa ulosi wa boma lililonse palokha, womwe umafika kwa alimi kudzera pa wailesi ndi mwa alangizi a zaulimi.