Mwana wa njovu musamujambule yekha

Sabata yatha mnyamata wina anandipeza kuntchito kwanga pa Chitakale, foni ili m'manja, nkhope ili mwee. Anali atangochokera ku Liwonde ndi gulu la kutchalitchi kwawo, ndipo amafuna ndione chithunzi chake cha mwana wa njovu. Ndinachiona. Mutu wa kamwanako unadzaza foni yonse, khutu limodzi lodukira m'mphepete, mapazi palibe, nsonga ya chitamba palibe, make palibe. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, munthu amene kunalibeko adziwa bwanji kuti uyu ndi mwana?" Anakhala chete. Zithunzi zotere ndaziona kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala pa ntchito yojambula, ndipo ndatopa nako kubwereza mawu amodzimodzi kwa munthu mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ndalemba.

Njovu ikabadwa imalemera makilogalamu pafupifupi 100, msinkhu wake sufika bwinobwino mita imodzi. Make amakhala atainyamula m'mimba miyezi 22. Koma kamera sidziwa makilogalamu. Mukadzaza chithunzi ndi mwana yekhayo, khungu lake ndi lamakwinya ngati la agogo ake, makutu ndi omwewo, ndipo woona amangoti ndi njovu yopanda minyanga basi. Kuchepa kwa mwana kumaoneka pokhapokha pali chomuyerekeza nacho. Mwendo umodzi wa make wokha, woima ngati tsinde la mlambe pambali pake, umanena zonse. Mwana wosakwana chaka amadutsa pansi pa mimba ya make osawerama, ndiye mukamupeza ali pamenepo, pakati pa miyendo inayi ija, chithunzi chadzikonza chokha. Mutu wa make mukhoza kuusiya kunja, palibe vuto. Dulani dala, pamsana kapena paphewa, anthu aone kuti munasankha. Chimene sindifuna kuona ndi phazi la mwana lodulidwa pachidendene, kapena chitamba chothera m'mphepete ngati mwachisema ndi chikwanje.

Za kuwala sinditaya nazo nthawi. Aliyense amene wajambulapo ukwati masana dzuwa lili paliwombo akudziwa chimene chimachitika pankhope yakuda, ndipo njovu ndi chimodzimodzi. Lawirirani m'mawa, kapena dikirani dzuwa lipendeke.

Chimene anthu saganizira ndi pamene mwakhala inuyo. Galimoto zoonera nyama ndi zazitali, mipando yakumbuyo ndiye yokwera kwambiri, ndipo aliyense amathamangira kumeneko. Mukajambula mwana muli pamwamba chonchi, mumangotenga msana ndi fumbi, kamwanako kamaoneka kophwanyika ngati mtolo wa udzu. Ine ndimapempha mpando wotsika, pafupi ndi woyendetsa, kuti lenzi ikhale pafupi ndi msinkhu wa diso lake. Ku Liwonde kuli mwayi wina: boti la pamtsinje wa Shire. M'botimo mumakhala pansi penipeni, ndipo miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala njovu zimatsikira kumtsinje kudzamwa. Pamenepo mwana mumamuona maso ndi maso, kumbuyo kwake kuli bango ndi mitengo ya mivumo, osati dothi lokhalokha. Ikani focus padiso, kutanthauza kuti diso ndilo lioneke bwino kwambiri m'chithunzi. Ngati akuyenda, siyani malo kutsogolo kwake, kumene akulowera, asaoneke ngati akukagunda khoma. Liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka m'kamera pojambula, lisatsike pa 1/500 ya sekondi, chifukwa ana a njovu sakhazikika, ndiponso boti limagwedera.

Kenako dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa miyezi yochepa sanachidziwe chitamba chake: amachigwedeza, amachiponda, nthawi zina amachiyamwa monga khanda liyamwira chala. Pakumwa madzi amagwada n'kuviika kamwa, poti kukoka ndi chitamba sanaphunzire. Poyamwa amaponya chitamba kumbuyo n'kuyamwa ndi kamwa, ndipo mabere a make ali pakati pa miyendo yakutsogolo, osati kumbuyo ngati ng'ombe. Wojambula amene sakudziwa zimenezi amalozetsa kamera kolakwika, mphindi ija n'kudutsa. Onaninso tiatsikana ta njovu timene sitinayambe kubereka, koma timalera ana a njovu zina m'gulumo. Mwana akagwa m'matope, ndi iwowa amathamangira kukamudzutsa. Mukanakhala mutadzaza chithunzi ndi mutu wokha, zonsezi zikanachitikira kunja kwa felemu yanu.

Pali chithunzi china chimene mpaka lero chimandivutitsa mumtima. Anajambula ndi mnyamata wa ku Thyolo amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira kamera, mwana wanzeru, wa diso labwino. Anapita ndi anzake kunkhalango ina pagalimoto yobwereka, opanda wowatsogolera wodziwa nyama. Lenzi yake inali yaifupi, ya maukwati. Anapeza gulu la njovu likudutsa msewu, kamwana katatsalira pang'ono kumbuyo. Pofuna kuti kadzaze chithunzi, anauza mnzake kuti asendeze galimoto. Inasendera mpaka inaima pakati pa mwana ndi make. Anajambula. Make anatembenuka, ndipo chimene chinawapulumutsa n'chakuti injini inali isanazime ndiponso kumbuyo kunali njira. Atabwera anandionetsa mokondwa, anthu ambiri atachiyamikira kale pa Facebook, akuti kamwana kakusewera. Ine ndinaona makutu otambasuka, mchira uli m'mwamba, mutu wadzuka, kamwa lili yasa. Kameneko sikusewera, ndi mwana amene akulira kufuna make. Ndinamufotokozera, anamva, anachichotsa. Koma ndimadzifunsabe kuti ndi achinyamata angati anachiona chisanachotsedwe n'kuganiza kuti umo ndi mmene amajambulira.

Ndiye ndinene mosabisa. Njovu yaikazi yokhala ndi mwana ndi nyama yoopsa koposa imene mungakumane nayo m'nkhalango zathu, ndipo imathamanga kuposa inu. Musatsike m'galimoto. Musaime pakati pa mwana ndi gulu. Musaombe m'manja kapena kuimba mluzu kuti ayang'ane ku kamera. Musayatse flash. Mukaona wamkulu wa gululo, amene amakhala mayi wachikulire, wasiya kudya, wadzutsa mutu, akupukusa makutu, ndipo ana akankhidwira pakati, ntchito yatha, bwererani pang'onopang'ono. Ife a kuno ku Mulanje ndi Thyolo tinakulira m'minda ya tiyi, njovu sitiidziwa. Pafupi pamene tingaione ndi ku Majete, ku Chikwawa, kapena ku Liwonde, ndipo ambiri timapitako kamodzi pa zaka zingapo. Anzathu okhala m'malire mwa nkhalangozi, amene chimanga chawo chimatha usiku umodzi ndipo ena anaika maliro chifukwa cha njovu, sangayerekeze kuchita zimene ife timachita ndi foni m'manja.

Chenjerani ndi anthu odzitcha otsogolera alendo amene amakulonjezani kuti, "Bwana, ine ndikufikitsani pafupi, mungowonjezera kangachepe." Amene anaphunzira ntchitoyi amakukanizani kuyandikira, ndipo mukakakamira amakhota galimoto. Amene akuvomera msanga akusewera ndi moyo wanu, ndiponso wa njovuyo, chifukwa njovu imene yavulaza munthu kawirikawiri mapeto ake ndi mfuti, mwana n'kutsala wamasiye. Kumbukirani kuti ku Majete njovu zinathapo psiti chifukwa cha opha nyama mozembera. Zimene mukuziona lero zinachita kubwezeretsedwa kuyambira 2006, bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2003. Zinaswana mpaka mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Mwana aliyense amene mukumuloza ndi kamera ku Majete anachokera m'ntchito yaikulu imeneyo.

Palinso ena masiku ano amene amatenga chithunzi cha mwana wa njovu pa intaneti, kapena chopangidwa ndi kompyuta, n'kumata kumbuyo kwake phiri la Mulanje, ati anajambula okha. Ena mpaka amaphunzitsa achinyamata molipiritsa. Muwafunse chithunzi choyambirira chochokera m'kamera, komanso zimene anajambula mphindi imodzi chisanachitike ndi chitachitika. Wojambula weniweni amakhala nazo zambirimbiri, zina zosaoneka bwino.

Ngati muli ndi foni yokha, musadandaule, ndipo musatambasule zala pagalasi kuti mukokere nyama pafupi. Mafoni ambiri akatero amangodula chithunzi n'kuchikulitsa, chimatuluka chosweka. Jambulani chotambalala: gulu lonse likuwoloka, ana ali pakati, mtsinje ndi mitengo ya tsanya zikuoneka. Mukafuna nkhope ya mwana pafupi, njira yake ndi lenzi yaitali yokokera zakutali, ya 300mm kapena 400mm, ndipo ngati mulibe, bwerekani kwa mnzanu musananyamuke. Mnyamata wa sabata yatha uja ndinamupempha andionetse zina zonse zimene anajambula tsikulo. Pa zimene amafuna kufufuta panali chimodzi chojambulidwa patali, make akumwa madzi, kamwana katatsamira mwendo wake wakutsogolo, mapazi onse ali m'chithunzi. Chimenecho ndi chimene tinachapa, ndipo anapita nacho kwa amayi ake ku Luchenza.